AKUTI SI UTSI, NDI NTHUNZI CHABE

Chinthu chachilendo chikamabwera pakati pa anthu chimatsogoza mau ake, katundu namatsata pambuyo. Ndudu yamagetsi, imene achinyamata a m'tauni amaitchula kuti vape, yatsogoza mau aŵa: "Si utsi ai, ndi nthunzi chabe." Ena amaonjeza kuti ilibe moto, ilibe phulusa, siinunkhitsa zovala, ndiponso kuti madokotala a ku Ulaya adaivomereza. Mau ameneŵa ndiwo tifuna kuŵayesa mwezi uno, monga m'mene mai wanzeru amatembenuzira chambo pa msika asanamasule ndalama pa nsonga ya chitenje. Tiona kuti m'kati mwake muli zoona ndithu, ndipo zoonazo ndizo zikuŵapatsa mphamvu yonyenga, pakuti bodza lopanda kanthu koona ngakhale mwana amalizindikira msanga.

Wina angafunse kuti kodi nkhani yotere ili ndi ntchito yanji kwa anthu a kwa Maganga, kumene munthu wosuta amapichira yekha chingambwe m'kapepala, kapena kugula ndudu imodziimodzi pa okala. Yankho lili pa mchenga wa Senga Bay. Dera la Mfumu Maganga ndilo khomo limene anthu a ku Lilongwe amaloŵera ku nyanja. Ndi ulendo wa maola aŵiri chabe pa galimoto, ndipo pa Loŵeruka kapena pa Khirisimasi gombe lonse limadzaza ndi alendo. Mavalidwe atsopano, nyimbo zatsopano, mafoni atsopano, zonsezi zimayamba zaoneka pa mchengapo zisanafike ku midzi ya kumtunda. Mnyamata amene akutsatsa ziboliboli, kapena mtsikana amene akutembenuza usipa pa thandala, amaona mlendo wovala bwino akutulutsa m'thumba kanthu konga cholembera, nafuka mtambo woyera wonunkhira ngati switi. Sitikunena kuti zafala m'midzi mwathu. Koma mtengo amauongola ukadali waung'ono, ndipo moŵa wa m'masacheti udatiphunzitsa kuti kudzudzula chinthu chitafala kale nkungolira maliro.

Tiyambe ndi liu lakuti nthunzi. Nthunzi timaidziŵa. Ndi ija imatuluka mu mphika madzi akaŵira, ndi ija agogo amafundirapo bulangete pofuna kuchotsa chimfine ndi masamba a bulugamu. Chimene chimatuluka mu ndudu yamagetsi ndi china. M'kati mwa kachipangizoka muli batire, muli kawaya kamene batireyo amakatenthetsa, ndiponso timadzi tonanda. M'timadzimo muli glycerine, wonga uja amai amadzola nthaŵi ya chisanu, muli mankhwala ena otchedwa propylene glycol, muli zonunkhiritsa, ndipo kaŵirikaŵiri muli nikotini, amene ali mwini wake weniweni wa fodya. Munthu akakoka mpweya, kawaya kamatentha, timadzi tija timasanduka timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo timatsikira mpaka pansi penipeni pa mapapo. Akatswiri oyeza apezamo tizidutswa ta zitsulo monga nickel ndi mtovu, ndiponso formaldehyde, makamaka kawaya kakatentha mopitirira. Ameneyu ndi mankhwala aja amasungira mitembo kuti isaonongeke. Muyeso wake ndi wochepa poyerekeza ndi utsi wa ndudu yoyatsa, zimenezo tisabise. Koma zonunkhiritsa zambiri zimene amathiramo zidavomerezedwa kuti nzabwino kudya, osati kupuma. Mafuta ophikira ndi abwino m'mimba, koma palibe munthu amene amaŵathira m'mapapo.

Tsono zoona zija tanena zili pati? Zili pa chiyambi chake. Ndudu yamagetsi ya masiku ano adaipanga ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003. Iyeyu anali wosuta kwambiri, ndipo bambo wake, amenenso anali wosuta, adamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Maganizo ake anali akuti chimene chimapha osuta ambiri ndi moto: fodya akapsa amatulutsa phula ndi mpweya woipa ndi mankhwala ochuluka obweretsa khansa. Ukachotsa moto nkusiya nikotini, wosuta adzapeza chimene thupi lake likulira popanda kumeza mwaye wonsewo. Maganizo ameneŵa si opusa. Ku Britain boma lidaŵalandira, ndipo m'chaka cha 2015 bungwe la Public Health England lidalengeza kuti ndudu yamagetsi ndi yochepa kuopsa ndi magawo 95 pa 100 poyerekeza ndi ndudu yoyatsa. Chiŵerengero chimenechi ena adachitsutsa, kuphatikizapo magazini otchuka a zachipatala a The Lancet, ati chifukwa chidachokera pa kuyerekeza kwa gulu la akatswiri, osati pa kuyeza odwala. Komabe pambuyo pake kafukufuku wosonkhanitsidwa ndi bungwe la Cochrane adapeza kuti osuta achikulire ambiri amasiya ndudu ndi chithandizo cha chipangizochi kupambana ndi zomata pakhungu kapena zotafuna za nikotini. Munthu amene wasuta zaka 30, nalephera kusiya kangapo, akasinthiratu kupita ku ndudu yamagetsi nkutayiratu ndudu yoyatsa, wachepetsa chiopsezo chake. Amene amakana zimenezi sakutumikira choonadi.

Koma tamverani bwino mauwo: yochepa kuopsa poyerekeza ndi ndudu. Ndudu ndiyo ija, malinga ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, imathandiza kupha anthu opitirira 7 miliyoni chaka ndi chaka. Kupambana mpikisano ndi chinthu chotere si ulemu waukulu. Anthu a m'mbali mwa nyanja amadziŵa kuti mvuu siidya nyama ya munthu monga ng'ona, koma sitinamvepo kholo likutuma mwana wake kukasamba pafupi ndi mvuu chifukwa choti ndi yabwinoko. Mau amene ali oona kwa nkhalamba yosuta amasanduka msampha akanenedwa kwa mwana wa Fomu 2 amene sanasutepo. Mwanayu poyamba ankapuma mpweya wa ku nyanja wokhawokha, ndipo mpweya umenewo ndiwo tiyenera kuyerekeza ndi nthunzi yawoyo. Ogulitsa amakonda kusakaniza anthu aŵiriŵa, nkutionetsa nkhalamba ija nthaŵi zonse pamene tikufunsa za mwana.

Kodi tikuŵanamizira? Tiyeni tifunse asodzi athu. Usiku wopanda mwezi, asodzi a usipa amapita pa nyanja ndi chilimira, ndipo mmodzi amatsogola ndi bwato la nyale. Kale zinali nyale za palafini zopopa, lero ambiri ali ndi mababu a batire. Usipa ukaona kuŵala umasonkhana wokha, popanda wouthamangitsa, ndipo khoka limauzinga. Msodzi aliyense angakuuzeni kuti ukaona nyale pa madzi umadziŵa nsomba imene akuifuna. Kampango sakodwa ndi nyale, amafuna mbedza ndi nyambo yake. Tsono yang'anani nyale za malonda aŵa. Fungo la mango, la chivwende, la switi, la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mitundu yoŵala ngati zoseŵeretsa za ana. Zithunzi za anyamata ndi atsikana osangalala pa TikTok ndi pa Instagram. Kodi ndi mdala uti wosuta chingambwe amene adadandaulapo kuti akadasiya kalekale, koma vuto nlakuti palibe fodya wonunkhira chivwende?

Ku America zimenezi zidachitika poyera. Chipangizo cha kampani yotchedwa Juul chidatuluka m'chaka cha 2015, chaching'ono chobisika m'dzanja, ndipo kabotolo kake kamodzi kanali ndi nikotini wofanana ndi paketi yonse ya ndudu 20. Pofika chaka cha 2019, ophunzira a ku sekondale opitirira mmodzi pa anai alionse m'dzikomo anali kukoka ndudu yamagetsi. Chiŵerengerocho chidatsika pambuyo pake, boma ndi makolo atadzuka, ndipo m'chaka cha 2022 kampaniyo idavomera kulipira madola 438.5 miliyoni ku zigawo zoposa 30 za dzikolo pa nkhani ya kutsatsa malonda kwa ana. M'chaka cha 2025 bungwe la WHO lidaŵerengera kuti pa dziko lonse anthu opitirira 100 miliyoni akugwiritsa ntchito zipangizozi, ndipo mwa iwo ana a zaka 13 mpaka 15 ndi osachepera 15 miliyoni. Ana ameneŵa sanali kusiya fodya, anali kuyamba.

Ena amati nikotini payekha ndi wofatsa ngati tiyi kapena khofi. Mau otere anganenedwe ku London, koma kuno ku Malaŵi tiyenera kuchita nawo manyazi, pakuti palibe mtundu wa anthu umene umamdziŵa nikotini ngati ife. Ndife alimi a fodya wa bale, amene amagulitsidwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndipo amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino. Ambiri a ife tili ndi mbale amene adagwirapo utenanti ku Kasungu kapena ku Mchinji. Mufunseni chimene chimachitika munthu akathyola fodya m'maŵa masamba akadali ndi mame: mutu kuŵaŵa, chizungulire, nseru, kusanza. Ameneyo ndi nikotini woloŵera pa khungu, wopanda moto, wopanda phula. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International lidafalitsa lipoti lonena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ya kuno amatha kuloŵedwa nikotini wokwana mamiligalamu 54 pa tsiku, monga ngati asuta ndudu 50. Ndipo amai a kumudzi amadziŵa kuti madzi oviikamo fodya amapha nsabwe za pa ndiwo zamasamba. Mbeu ya fodya imapanga nikotini kuti idziteteze ku tizilombo. Ndiyo ntchito yake m'chilengedwe.

M'thupi la munthu nikotini amathamangitsa mtima ndi kukweza magazi. Kwa mai woyembekezera amaononga kakulidwe ka mwana m'mimba. Koma ntchito yake yoopsa kwambiri ili mu ubongo. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo ukazoloŵera nikotini usanakhwime umamangika msanga ndiponso molimba. Mwana amayamba kusakhazikika m'kalasi, kukwiya popanda chifukwa, kusoŵa tulo, mpaka atakokanso. Iye amayesa kuti chipangizocho chikumpatsa mtendere, chonsecho chikungombwezera mtendere umene chidamlanda chokha. Ndiponso pali kusiyana kumodzi kumene anthu sakuganizira. Ndudu yoyatsa imatha. Munthu amataya chotsalira nabwerera ku ntchito. Ndudu yamagetsi siuza mwini wake kuti basi. Amakoka pa mphasa, amakoka m'chimbudzi cha pa sukulu, amakoka akadzidzimuka pakati pa usiku. Ndipo tsiku limene ndalama yogulira china yasoŵa, njala ya nikotini siidikira. Pa okala pali ndudu ya mtengo wotsika, ndipo mwana uja amene sakadasuta konse wafika pa moto umene amati akumteteza.

Pali chinanso chimene chiyenera kutidetsa nkhaŵa ife makamaka. M'chaka cha 2019 ku America kudabuka nthenda ya mapapo pakati pa okoka zipangizozi. Pofika Febuluwale 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anali atamwalira. Tinene chilungamo: ofufuza adapeza kuti gwero lalikulu linali mafuta otchedwa vitamin E acetate, amene ogulitsa mozemba ankathira m'timadzi ta chamba kuti tichuluke, osati timadzi ta nikotini ta m'masitolo ovomerezeka. Koma phunziro lake ndi lathu kupambana la Aamerika. Munthu wokoka sadziŵa chimene chili m'kabotolo. Amakhulupirira chizindikiro cha pa pepala. Ku Britain lamulo limati nikotini asapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, ndipo kuli anthu olipidwa kuti aziyendera masitolo. Nanga kachipangizo kamene kabwera m'chikwama cha munthu wa geni kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, nkudutsa m'manja anai kasanafike pa gombe lathu, adakayeza ndani? Ndipo amene adadwala ku America adapulumuka ambiri chifukwa cha makina opumira. Ife tikudziŵa kutalika kwa mseu wochokera ku doko kukafika ku chipatala cha boma ku Salima, ndipo mapapo a anthu athu ali kale pa nkhondo ndi chifuwa chachikulu, mphumu ndi utsi wa nkhuni wa m'khitchini ndi wa pootcha nsomba.

Ngozi zina nzapafupi. Timadzi tija tikatayika kapena mwana wokwaŵa akatimeza, pokopeka ndi fungo la switi, ndi poizoni woti nkuthamangira naye ku chipatala nthaŵi yomweyo. Batire wake ndi wa mtundu wa lithium, ndipo akatchajidwa ndi chingwe chosayenera kapena akaphwanyika amatha kuyaka m'thumba kapena pansi pa pilo, m'nyumba ya udzu.

Tsono tifunse: kodi mwini khoka ndani? M'chaka cha 2013 kampani ya fodya ya Imperial Tobacco idagula umwini wa luso la Hon Lik uja. M'chaka cha 2018 kampani ya Altria, imene imagulitsa ndudu za Marlboro ku America, idagula magawo 35 pa 100 a Juul pa mtengo wa madola 12.8 biliyoni. Amene akugulitsa chothandizira kusiya ndi omwewo akugulitsa chosiyidwacho, ndipo munthu akapita uku kapena uko ndalama ikuloŵa m'thumba limodzi. Nkhaniyi idafikanso kwathu kuno. M'chaka cha 2017 kampani ya Philip Morris International idalonjeza madola 80 miliyoni pa chaka ku bungwe latsopano la Foundation for a Smoke-Free World, ndipo bungweli lidasankha Malaŵi kuti likhazikitseko Centre for Agricultural Transformation ku Lilongwe, malo othandiza alimi kupeza mbeu zina monga soya ndi mtedza. WHO idakana kugwira nalo ntchito chifukwa cha gwero la ndalamazo. Thandizo la kampaniyo lidatha m'chaka cha 2023, ndipo bungwelo lidasintha dzina m'chaka cha 2024. Sitinyoza mlimi amene adapindula ndi mbeu yabwino ya soya. Njala siifunsa kuti thumba lachokera kwa yani. Chimene tikukana ndi kuti nkhani ya umphaŵi wa mlimi wa fodya ikhale chitseko chotitsekera pakamwa pa nkhani ya ana athu, monga yakhalira kwa zaka zambiri.

Pakuti kunena zoona, dziko lathu lidachedwa. Pangano la maiko loletsa kufala kwa fodya lidavomerezedwa ku WHO m'chaka cha 2003, koma Malaŵi adaloŵamo m'chaka cha 2023, patapita zaka 20. Anzathu ena adayenda kale: Uganda idaletsa ndudu zamagetsi m'lamulo lake la 2015, India idaletsa m'chaka cha 2019, ndipo ngakhale Britain yemwe, amene amazitamanda pothandiza osuta achikulire, adaletsa zogwiritsa kamodzi nkutaya kuyambira pa 1 Juni 2025, chifukwa cha ana ndi zinyalala. Ogulitsa akamatchula Britain, gawo limeneli amaliiŵala. Ife tikukumbukira masacheti. Anali aang'ono, otsekemera, otsika mtengo, obisika m'thumba la yunifolomu, ndipo pamene boma linkaŵaletsa m'chaka cha 2015 anali ataononga kale anyamata ambiri amene mayina ao timaŵadziŵa m'miphakati mwathu. Kuloŵa m'pangano ndi chinthu chimodzi, koma chimene chingateteze mwana wa ku Lifuwu ndi lamulo lomveka la msinkhu wa wogula, la zonunkhiritsa ndi la kutsatsa pa mafoni, ndiponso munthu woliyendetsa.

Za zinyalala zija tisazidumphe, popeza ife timamwa ndi kudya za m'nyanja. M'chaka cha 2023 ku Britain adaŵerengera kuti zipangizo zotaya zokwana 5 miliyoni zinali kutayidwa sabata iliyonse, chilichonse ndi pulasitiki wake, batire wake ndi nikotini wotsalira. Pa gombe lathu palibe galimoto yotola zinyalala zotere. Chimene mlendo wasiya pa mchenga mwera umachitenga, kapena mwana amachitola nkuchiika kukamwa kuti aone ngati mwatsala kanthu.

Mpingo sunanene kuti kusuta pakokha ndi tchimo lalikulu, ndipo tisaunamizire. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2290, amatchula fodya pamodzi ndi moŵa pakati pa zinthu zimene ukoma wa kudziletsa umatiuza kuti tisazigwiritse mopitirira muyeso, ndipo ndimeyo ili pansi pa lamulo lachisanu, lokhudza moyo. Papa Francis adaletsa kugulitsa ndudu mu Vatican kuyambira chaka cha 2018, ngakhale malondawo ankabweretsa ndalama, pa chifukwa choti phindu silingakhale loyenera ngati likuika miyoyo ya anthu pa ngozi. Ife ansembe sitingalankhule monyada pa nkhani iyi, pakuti m'nyumba zambiri za ansembe mbale ya phulusa idakhalitsa pa tebulo. Koma chimene chikutikhudza kwambiri ndi ufulu. Timakonzekeretsa ana ku Ulimbitso poŵaphunzitsa kuti munthu wamkulu ndi amene amatha kunena kuti inde kapena ai mwa iye yekha. Malonda amene phindu lake lagona pa kumanga chifuniro cha mwana asanakhwime akulimbana ndi ntchito imeneyi, kaya atulutse utsi kaya nthunzi.

Kwa bambo amene wakhala akusuta pa bwato usiku wonse kuti apirire mphepo ndi tulo, mau athu ndi ofatsa. Kusiya nkotheka pa msinkhu uliwonse, ndipo mapapo ndi mtima zimayamba kupeza bwino patangopita masabata ochepa. Akambirane ndi achipatala. Ngati wina wasankha ndudu yamagetsi kuti imthandize, adziŵe kuti phindu lake limaoneka pokhapokha atatayiratu ndudu yoyatsa, osati kusuta zonse ziŵiri, ndiponso kuti cholinga nkudzaisiya nayonso. Asaisiye pamene pali ana, ndipo asaikoke m'nyumba momwe muli khanda kapena mai woyembekezera.

Kwa makolo vuto nlakuti chinthuchi sichinunkha fodya, sichisiya phulusa, ndipo chimafanana ndi cholembera kapena kachipangizo ka foni. Mango a kuno amapsa nthaŵi ya dzuŵa mvula ikamayandikira. Fungo la mango likamamveka m'gowelo mwezi wa Juni, pamenepo pali chofunsa. Mkwapulo suchotsa nikotini m'thupi. Khalani naye pansi mwanayo, mumve kuti adayamba liti, adampatsa ndani, ndipo ndalama akuzitenga kuti. Akavomera kusiya, yembekezani kuti sabata yoyamba adzakhala wokwiya, wosoŵa tulo ndi wosakhazikika, makamaka tsiku lachiŵiri ndi lachitatu, ndipo kuti zimenezi zimayamba kuchepa pakapita masabata aŵiri kapena anai.